Kodi chidwi cha mwana pa zachilengedwe chimatha chokha akamakula, kapena timachizimitsa ndife?

Mayi wa ana awiri analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga ndi aphunzitsi. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6 amatha kugwada pansi nthawi yaitali akuonerera nyerere zikukokera phiko la chiwala kudzenje kwawo, ndipo akadzuka pamenepo mafunso amachita kutsatizana: zimadziwa bwanji njira, zimagona nthawi yanji, mfumu yawo ndi iti. Mchimwene wake, amene tsopano ali ndi zaka 13, analinso chimodzimodzi, koma lero safunsa kanthu kupatula zimene akuganiza kuti zibwera pamayeso. Zimenezi zimandiwawa mumtima. Kodi ndi msinkhu chabe, kapena pali pamene ndinalakwitsa, kuti ndisabwerezenso pa wamng'onoyu?

Mphunzitsi wopuma pantchito anayankha kuti:

Mayi, pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ana ndinaona kuti chidwi chimakula kapena kufota malinga ndi mmene munthu wamkulu amalandirira funso la mwana. Jane Goodall, katswiri wofufuza za moyo wa anyani amene anabadwira ku London mu 1934, ali kamtsikana anabisala m'khola la nkhuku kwa maola angapo pofuna kuona ndi maso ake mmene nkhuku imaikirira dzira, kwinaku abale ake akumusakasaka ndi nkhawa. Atatuluka, mayi ake sanamukalipire, koma anakhala pansi n'kumvetsera zonse zimene anaona. Mu 1960 anapita kunkhalango ya Gombe, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo mayi ake omwewo anamuperekeza. Kumeneko anaona anyani a mtundu wa chimpanzi akulowetsa udzu ndi timitengo m'chulu kuti akole chiswe, zimene zinagwedeza maganizo a akatswiri ambiri amene ankakhulupirira kuti munthu yekha ndiye amapanga zida. Kuleza mtima kumene kunamukhazika m'khola muja n'kumene kunamukhazikanso m'nkhalango. Musavutike kuti mukhale ndi yankho la funso lililonse. Mukanena kuti, "Tiye tikaone limodzi," mwamupatsa zambiri kuposa yankho.

Wokonda mbalame anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsiwa, ndipo ndiwonjezere zimene zinandichitikira. Ndili ndi zaka pafupifupi 8 ndinatunga ambululu m'chithaphwi n'kuwaika m'botolo lalikulu. Ndinafunsa agogo anga aamuna ngati zinali zoona kuti tinthu timeneti tidzasanduka achule, ndipo iwo anangoti ndiziwaona m'mawa uliwonse, ndiziwasinthira madzi ochokera m'chithaphwi chomwecho, kenako ndidzawauze ndine. Ndinaona miyendo yakumbuyo ikuyamba kutuluka, yakutsogolo pambuyo pake. Ndinkayembekezera kudzapeza michira itathothoka pansi pa botolo, koma sindinaipeze, chifukwa mchira umafupika pang'onopang'ono pamene thupi likuugwiritsa ntchito ngati chakudya. Tsiku limene ndinakawabwezera kuchithaphwi ndinali ndi chinthu chimene ndinachidziwa ndekha, osati chouzidwa, ndipo kukoma kwake sindinakuiwale. Sindinakhale katswiri wa sayansi, ntchito yanga ndi ya muofesi, koma mpaka lero ndimasunga kabuku kolembamo mbalame zimene ndaona ndi mwezi umene zabwera. Chinthu chimodzi chokha muchenjere nacho: mwana aphunzire msanga kuti zina ndi zongoyang'ana osagwira, monga njoka, zinkhanira ndi bowa wosadziwika, koma mumuuze modekha kuti chenjezo lisasanduke mantha pa chamoyo chilichonse.

Bambo wina anayankha kuti:

Ine nkhawa yanga ili pa mnyamatayo, chifukwa ndikuona ngati mwamutaya mtima msanga. Pa msinkhu umenewo ana ambiri amachita manyazi kufunsa pamaso pa anzawo poopa kusekedwa, ndipo sukulu ikamayamikira kuloweza kokha, amaphunzira kubisa mafunso amene sabweretsa malikisi. Koma moto wokwiririka ndi phulusa sunazime. Katswiri wa sayansi Albert Einstein ankakumbukirabe atakalamba kampasi (kachipangizo kosonyeza kumene kuli kumpoto) imene bambo ake anamuonetsa ali ndi zaka 4 kapena 5, ndi mmene anadabwira kuona singano ikuloza mbali imodzi popanda choigwira. Mupatseni mnyamatayo funso la msinkhu wake, mwina mumupemphe kuti athandize mlongo wake kufufuza za nyererezo.

Mayi wa ana awiri anabweranso kuti:

Zikomo nonse. Dzulo madzulo ndinamupempha kuti atithandize. Anayamba monyinyirika, kenako anapukuta ndi chala pakati pa mzere wa nyerere, ndipo zinabalalika pamalopo ngati zasokera. Anatiuza kuti zimatsata fungo limene zinzawo zimasiya pansi, ndipo anakhalabe chogwada mpaka kunada, akuwerenga nthawi imene zitenge kuti zilumikizenso njira yawo.