Kodi nkhani ya okondana obadwanso ingalandiridwe kuno ku Mangochi?

Wa ku Malindi:
Abale anga, ndikulemba buku la nkhani yopeka yonena za msodzi ndi namwali amene anakondana m'nthawi ya atsamunda, boma lathuli likutchedwabe Fort Johnston, koma imfa inawalekanitsa asanakwatirane. Awiriwa akubadwanso masiku ano n'kukumana padoko la Monkey Bay podikira sitima ya Ilala. Kodi owerenga athu angailandire nkhani yotere?

Wa ku Makanjira:
Achimwene, chiphunzitso chakuti munthu akamwalira amabadwanso m'thupi lina n'cha Ahindu ndi Abuda, pamene Asilamu ndi Akhristu, omwe ndiwo ochuluka kuno, amayembekezera kuuka kwa akufa pa tsiku la chiweruzo. Ena adzainyansidwa nayo, komabe nkhani yopeka si ulaliki.

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndikuona kuti simukufunika kubwereka zakutali. Makolo athu ankakhulupirira kuti mizimu imalankhula m'maloto, ndipo mpaka lero mwana amapatsidwa dzina la agogo ake amene anatisiya, anthu n'kumati watengera ngakhale kayendedwe. Mtsikanayo azilota bwato lomwelomwelo likumira pa nthawi ya mwera, ndipo akamva mnyamatayo akuimba posoka ukonde, azindikire nyimbo imene sanaphunzirepo. Musafotokoze zonse, owerenga adzigamulire okha.

Mayi wa ku Namwera:
Funso langa n'lakuti, bwanji ngati mmodzi wa iwo ali kale pabanja, ankhoswe anagwirizana ndipo ana alipo? Pamenepo m'pamene bukulo lingandigwire mtima.