Kodi ana a mkombaphala amapindulanji akamasewera mwa kufuna kwawo?

Mayi wa mwana mmodzi:
Mwana wanga wa zaka zinayi ndikamufunsa zimene waphunzira kusukulu ya mkombaphala, amangoti ankamanga nyumba ndi makatoni pamodzi ndi anzake. Ndili ndi nkhawa kuti nthawi ikupita pachabe, popeza sanayambebe kulemba zilembo. Aphunzitsi, kodi masewera otere ali ndi phindu lanji?

Mphunzitsi wa mkombaphala:
Mayi, mtima ukhale m'malo. Sabata yatha ndinaonerera ana atatu amene nsanja yawo ya timatabwa inagwa kanayi, ndipo ngakhale sindinawauze chochita, mmodzi anazindikira yekha kuti thabwa lalikulu liyenera kukhala pansi, kenako anavutika kufunafuna mawu oti anzakewo amumvere. Pamenepo panali kuyeza, kudekha ndi kukambirana, zomwenso mwana amadzazifuna akayamba kuwerenga. Ine katoni ndimaikonda kuposa chidole chogula, chifukwa lero imakhala nyumba, mawa galimoto.

Bambo wa ana awiri:
Ndikugwirizana nanu aphunzitsi, komabe mphunzitsi asangokhala manja lende. Ntchito yake ndi kukonza zipangizo, kumvetsera, ndi kufunsa funso limodzi pa nthawi yoyenera popanda kuwalanda ana masewerawo.

Mphunzitsi wopuma pantchito:
Maganizowa si achilendo. Katswiri wa maphunziro Friedrich Froebel atatcha sukulu yake ya ana aang'ono ya ku Germany kuti Kindergarten mu 1840, masewera ndiwo anali maziko ake. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 nalonso, mu ndime 31, limavomereza ufulu wa mwana wosewera. Mayi, pemphani tsiku lokaonerera nokha m'kalasimo.