Za dipoziti ya nyumba ija, zatheka

Mwezi watha ndinafunsa kuti dipoziti ya nyumba ya lendi imapita kwa ndani banja likatha, poti pa lease (pangano la lendi) yathu kuno ku Johannesburg panali dzina la bambo a ana okha. Zikomo inu amene munandilozera ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, bungwe loona madandaulo a nyumba za lendi m'chigawo chino, kumene salipiritsa.

Anandiuza kuti landilodi amabweza ndalamazo kwa amene anasaina lease, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, pasanathe masiku 7 lease itatha, ngati palibe chowonongeka kapena ngongole. Zogawana ife sizimukhudza.

Poti ukwati wathu unali wophatikiza katundu, loya walemba m'pangano la chisudzulo kuti theka ndi langa. Bambowo ananyinyirika, ati anapereka okha. Nanga ufa ndi ndiwo ankagula ndani?