Ulendo wa ngwazi pophunzitsa kuzukuta nkhani: ndiyambire pati?

Nachisale_Turffontein:
Aphunzitsi anzanga kuno ku Joni, ndigawireniko nzeru. Ana a Grade 12 ndikawauza kuti azukute nkhani amangoifotokozanso kuchoka pachiyambi mpaka kumathero. Ndikufuna kuyesa njira ija ya ulendo wa ngwazi, imene pachingerezi amati hero's journey. Kodi masitepe ake ndiwapatse onse pakamodzi? Nanga buku la Alan Paton lotchedwa Cry, the Beloved Country lingalowemo?

aPhiri_Yeoville:
Onse pakamodzi ayi, Mayi, muwatsamwitsa. Joseph Campbell m'buku lake la 1949 anaika masitepe 17, ndipo Christopher Vogler anadzawafupikitsa kukhala 12 pothandiza olemba mafilimu. Koma msana wake ndi zigawo zitatu basi: kunyamuka, kuyesedwa, kubwerera. Mwana amene anamvapo za chinamwali sangavutike nazo. Namwali amachotsedwa pakhomo, amakagonera kutsimba m'manja mwa anamkungwi, n'kutuluka ali munthu wina.

Tsiku loyamba jambulani bwalo lalikulu pabolodi, mulidule pakati ndi mzere wopingasa. Pamwamba ndi kwawo, pansi ndi kuchilendo. Ana akhale anayianayi, gulu lililonse ndi timapepala 8. Pakapepala kalikonse alembe chochitika chimodzi ndi nambala ya tsamba, akamate pabwalo paja. Kapepala kopanda nambala ya tsamba musakalandire, chifukwa apo ndi pamene amayambira kupeka za m'mutu. Mphindi 40 zikwana. Masitepe 12 aja abwere tsiku lachiwiri.

Mphunzitsi_wa_Rosettenville:
Bukulo likulowa bwino, ndipo mwayi wake ndi woti kuchilendo kwa Stephen Kumalo, mpangankhani wamkulu, ndi mumzinda uno. Sitepe la kuitanidwa ku ulendo ndi kalata ya Msimangu, wansembe wa ku Joni, yonena kuti Gertrude, mlongo wake wa Kumalo, akudwala. Kuwoloka mzere ndi sitima imene akwera atachoka kwawo ku Ndotsheni. Atangotsika, mnyamata wina amuuza kuti amugulira tikiti ya basi, n'kuzimirira nayo paundi yake. Apa imani kaye. Afunseni ana kuti wansembe wolemekezeka chonchi wapusitsidwa bwanji ndi kamnyamata. Yankho mukulifunalo ndi loti ulemu wa kumudzi wathera pa siteshoni, malamulo a kuno ndi ena. Amene anatsikapo basi pa Park Station atadutsa Mwanza, Tete ndi Beitbridge sasowa womasulira.

Msimangu ndiye namkungwi wake. Pansi penipeni pa bwalo ndi pamene Kumalo azindikira kuti mwana wake Absalom ndi amene wapha mzungu wina dzina lake Arthur Jarvis.

Povuta ndi pobwerera. Ana amafuna mphotho yooneka, ndiye amalemba kuti Kumalo wapambana. Wapambana chiyani? Gertrude wasowanso, Absalom akukanyongedwa. Wabwerera ndi mwana wa Gertrude komanso mtsikana woyembekezera amene Absalom anakwatira ali m'ndende. Awa si anthu amene anapita kukawatenga. Mwana akalemba ndime imodzi yosiyanitsa chimene Kumalo anakafuna ndi chimene wabwera nacho, ndiye kuti wayamba kuzukuta.

Nabanda_Berea:
Ine ndichenjezeko pang'ono. Bwaloli limakoma kwambiri moti ana amayamba kukankhiramo nkhani iliyonse ngati katundu wa pa thiraki ya kumudzi. Akasowa namkungwi amangogwira aliyense wa imvi n'kumupatsa udindowo. Mankhwala ake: auzeni kuyambira pachiyambi kuti mpata wopanda kanthu si kulakwa, koma alembe chifukwa chake wasala.

Ayeseni ndi nthano ya Kalulu. Amachokadi pakhomo, amakumana ndi Njovu kapena Fisi, amapulumuka, koma m'mawa mwake ndi tambwali yemwe uja. Sasintha, choncho bwalo silitsekeka. Ayeseninso ndi nkhani za matchona, azigogo athu amene anabwera ku migodi ya kuno pa Wenela osabwereranso. Campbell mwiniwake ali nalo sitepe la kukana kubwerera, ngakhale pa masitepe 12 aja silimaoneka lokha. Komanso mawu oti ngwazi asamalidwe, kwa ife amakumbutsa Kamuzu ndi zamphamvu. Pofunsa mafunso nenani mpangankhani wamkulu, apo ayi ana aziyang'ana wonyamula mkondo pamene Kumalo ndi nkhalamba yamantha.

aPhiri_Yeoville:
Zoona zimenezo, a Nabanda. Ndiwonjezere za mayeso. Pa pepala lachiwiri la matric, mayeso omaliza a Grade 12, simudzapeza funso loti tchulani masitepe a Campbell, choncho asawaloweze ngati ndakatulo. Mafunso amakhala pa kandime ka m'buku, khalidwe la mpangankhani ndi mfundo zazikulu. Akamaliza bwalo, aliyense atenge kapepala kamodzi alembe ziganizo zitatu: chachitika n'chiyani, umboni wake uli pati, ndipo Kumalo wataya kapena waphunzirapo chiyani. Chiganizo choyamba chikapitirira mizere iwiri, m'bwezereni, wayambanso kufotokoza.