Ndimupatse mphatso yanji mwana amene akupita kusukulu ya usilikali?

Moni nonse abale ndi alongo, makamaka inu amene munadutsamo m'maphunziro a usilikali kapena muli ndi ana kumeneko.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 18, wamaliza sekondale ndipo amutenga kusukulu yophunzitsa maofesala a asilikali. Ndikufuna kumupatsa chinthu choti akachigwiritsedi ntchito, koma nzeru zandithera.

Poyamba ndinaganiza za laputopu kapena foni yatsopano, koma kalata imene anamutumizira ikuti masabata oyambirira sadzakhala nazo zimenezi, ndipo malo osungira katundu ndi ochepa kwambiri. Zovala n'zosafunika, poti yunifolomu ndi nsapato akalandira komweko. Nditamufunsa mwiniwake anangoti, "Amalume, chilichonse ndilandira." Ndi mwana wamanyazi, sangatchule.

Panopa mtima wanga uli pa wotchi ya pamkono yakuda, yosalowa madzi, yokhala ndi alamu ndi kagetsi, ngati Casio G-Shock, chifukwa kumeneko amadzuka kusanache ndipo kuchedwa ndi mlandu. Ndaganizanso za masokosi ochindikala oti asatuluke matuza poyenda mtunda wautali atasenza chikwama, komanso mapepala ndi maenvulopu oti azilembera mayi ake, amene ayamba kale kusowa tulo.

Kodi wotchi yotere amailola kuyambira tsiku loyamba, kapena ndiisunge mpaka atamaliza gawo loyamba la maphunziro? Nanga inuyo, ndi chiyani chimene munkachilakalaka kwambiri masabata amenewo, chimene akwanu sanachiganizire? Chonde ndithandizeni, akunyamuka mwezi wamawa.