Ndingasiyanitse bwanji sakisofoni ya Roland Alphonso ndi ya Tommy McCook?

Abale anga okonda nyimbo zakale za ku Jamaica, ndithandizeni. Ndikuphunzira kuliza sakisofoni, ndipo amalume anandisiyira mbale zingapo za galamafoni za nyimbo zamtundu wa ska. Zikuto zake zinadyedwa ndi chiswe, mayina a oyimba sakuwerengekanso.

Amene wandigwira mtima ndi Roland Alphonso, wobadwira ku Havana mu 1931 n'kukulira ku Jamaica. Mu 1964 iye, McCook, Lester Sterling ndi Don Drummond anali m'gulu loyamba la Skatalites. Gululi silinakhalitse, linatha mu 1965, Alphonso n'kutsala ku situdiyo yojambulira nyimbo ya Studio One kwa Coxsone Dodd, McCook n'kupita ku ina ya Treasure Isle kwa Duke Reid.

Vuto langa lili pa nyimbo za nthawi imene anali limodzi. Sterling ndimamuzindikira msanga chifukwa sakisofoni yake ya mtundu wa alto imalira mopyapyala, koma Alphonso ndi McCook onse ankaliza ya mtundu wa tenor. Ndabwereza mbale imodzi mpaka mayi a kunyumba adandaula, komabe sindikudziwa akuliza ndani.

Inu mumamvera chiyani: kapumidwe, kulemera kwa mawu, kapena mmene amalowera? Nanga ndiyambire nyimbo ziti zimene Alphonso akumveka yekha bwinobwino?