Matayala a timagalimoto tanga ayamba kumata, kutentha kwa Nchalo kwandigwira pakhosi

WakuNchalo:
Abale, vuto langa ndikalinena kuno anthu amangoseka, ndiye ndati ndifunse inu. Ndimasunga timagalimoto tachitsulo, tija takale topanda denga. Kanayambitsa zonse ndi Jaguar E-Type ya 1961, yofiira, yomwe alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndi ya sikelo 1:18, kutanthauza kuti ndi yochepa ka 18 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, kutalika kwake pafupifupi masentimita 25. Zitseko zimatseguka, boneti imatsegukira kutsogolo ngati ya yeniyeniyo, ndipo mukapotoza chiwongolero matayala amakhota. Pano ndili nato 14, tina ndinachita kufukula m'milu ya zidole za kaunjika ku Limbe.

Nyumba yathu ndi ya malata, yopanda siling'i, ndipo tonse timakhala m'kabati yagalasi pafupi ndi windo. Dzulo ndimati ndipukute fumbi Mercedes-Benz 300 SL Roadster ya 1957, koma yakana kunyamuka pa kapulasitiki kakuda kamene inabwera nako. Nditakoka, pasala timaenje tinayi pomwe panali matayala, matayalawo ali nete ngati phula. Galasi lakutsogolo la ka MGB nalonso lapindika. Mayi a kunyumba akuti ndingowapatsa ana azisewera nato. Nditani?

MphunzitsiNgabu:
Achimwene, choyamba chotsani kabatiyo pawindo lero lomwe. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndiye m'kabati yagalasi yowombedwa dzuwa mumasanduka uvuni. Timagalimoto topanda denga ndi tomwe timavutika kwambiri, chifukwa mipando, chiwongolero ndi galasi lija zonse ndi pulasitiki yopyapyala yomwe ili pamtetete.

Za matayalazo si kutentha kokha. Kuti tayala likhale lofewa, opanga amasakanizamo mankhwala ena onga mafuta. Kukatentha mafutawo amatuluka, ndipo akakhudza pulasitiki yolimba amayifewetsa, zinthu ziwirizi n'kumatirirana. Ine ndinadula timapepala ta aluminiyamu tokulungira chakudya n'kuika pansi pa tayala lililonse. Yolemera ngati Jaguar yanuyo ikani kathabwa kakang'ono pansi pa mimba yake kuti matayala asagunde pansi, apo ayi adzaphwatalala mbali imodzi. Musapukute ndi petulo kapena sipiliti, utoto udzachoka. Burashi yofewa yopakira zodzoladzola kumaso ndi yokwanira, kabwerekeni kwa mayiwo.

MayiWaBangula:
Koma bambo inu mwandiseketsa. Munthu wamkulu kusowa tulo chifukwa cha galimoto yoti simungakwere kupita nayo ngakhale pa Dyeratu! Ife ana athu amapanga zawo zamawaya, matayala a zitsekerero za mabotolo, ndipo sizisungunuka. Komabe musawapatse anawo, m'mawa umodzi wokha chitseko chidzakhala chili kwa aneba.

WaChigumula:
Ine ndili ku Blantyre koma kwathu ndi ku Makhanga. Dzuwa mwauzidwa kale, ine ndikuchenjezeni za madzi. Nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 mchimwene wanga anali ndi ta Matchbox ndi ta Hot Wheels m'katoni pansi pa bedi. Matope atalowa, thupi la timagalimotito silinachite dzimbiri chifukwa si chitsulo wamba, ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono. Koma timawaya togwira matayala tinadyeka, ndipo makatoni ake anangosanduka phala. Kwa anthu ogula zinthu zimenezi, kagalimoto kokhala ndi katoni yake kamadula kuposa kopanda, ndiye makatoniwo musamayatsire mbaula. Mvula ikayandikira ikani zonse m'chidebe chotseka bwino, pamwamba.

Funso langa: ka MGB kanuko mwayang'ana pansi pake? Ngati palembedwa Corgi kapena Dinky, maina a makampani akale opanga timagalimototi, ndi Made in England kapena Great Britain, kasamaleni kwambiri kuposa tinzake tonse.

WakuNchalo:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, kabati ndasamutsira kuchipinda, kukhoma lomwe limatetezedwa ndi mtengo wa nimu. Burashi ndabwereka, ngakhale ndalipira ndi mawu ambiri. A Chigumula, ndatembenuza ka MGB kaja, palembedwa Made in China ndi 1:43, basi. Si kakale, komabe galimoto yake yeniyeniyo ankaipanga ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo ndi yomwe ndimaikonda kuposa Jaguar. Galasi lopindikalo ndingaliwongole ndi madzi ofunda, kapena ndingolisiya?

MphunzitsiNgabu:
Lisiyeni. Ndinayesapo pa yanga, linachita mbuu ngati diso la nsomba yowamba.